Mafunso ndi mayankho okhudza tibokosi toyezera mpweya, madzi ndi magetsi mumzinda wa Harare

Chiyambireni kumangirira tibokosi tathu pamadenga a masukulu ndi pambali pa mijigo m'malokeshoni, mafunso sakutha. Ena amatifunsa pa WhatsApp, ena amatiimitsa panjira titasenza makwerero, ndipo makolo athu a ku Mbare, ku Mufakose ndi ku Dzivarasekwa amadikira tikumane kutchalitchi kapena pamaliro. Ine agogo anga anachoka ku Dedza nthawi ya Chitaganya kudzagwira ntchito kuno mzindawu ukutchedwa Salisbury, ndipo anatchona. Pakhomo pathu Chichewa sichinathe, n'chifukwa chake anzanga a kulabotale komwe ndimagwira ntchito anandisiyira ine kuti ndilembe mayankhowa.

Kodi labotale yanuyo imagwira ntchito yanji?

Timapanga zipangizo zing'onozing'ono zoyezera mpweya womwe tikupuma, madzi omwe tikutunga, ndi magetsi omwe tikulandira kapena kusowa. Ena mwa ife anaphunzira zamagetsi, ena zamakompyuta, mmodzi zamadzi, ndipo pali mnyamata wodziwa kuwotcherera zitsulo yemwe pakanapanda iye bwenzi palibe chokhala padenga. Sitigulitsa kanthu. Si ife a khonsolo, si ife a ZESA, kampani ya magetsi ija, si ifenso a EMA, bungwe la boma loona zachilengedwe.

Achimwene, kabokosi kali padenga la sukulu yathu kaja si kamera? Sikakutijambula?

Ayi, mayi. Mulibe kamera, mulibenso chojambulira mawu. Kabowo mukukaona pansi pakeko ndi kolowera mpweya. Ofuna kuona m'kati atiuze, tidzakatsegule iwo akuona. Tinatero pasukulu ina makolo atadandaula pamsonkhano, ndipo atangoona kafani ndi tiwaya, nkhani inathera pomwepo.

Mumpweyamo mumayezamo chiyani, poti sitionamo kanthu?

Timayeza tifumbi tating'ono kwambiri totchedwa PM2.5. Tsitsi limodzi la pamutu panu ndi lonenepa pafupifupi ka 30 kuposa kafumbi kotere. Fumbi la pamsewu lija limathera m'mphuno ndi pakhosi, mumatsokomola kapena kuyetsemula n'kutuluka. Koma timeneti timadutsa mpaka pansi pa mapapo, ndipo tina timalowa m'magazi. Timakolezera mphumu ndi zibayo mwa ana, komanso matenda a mtima ndi kufa ziwalo mwa akuluakulu. Timachokera ku chilichonse choyaka: nkhuni, makala, zinyalala, matayala, dizilo wa makombi ndi wa majenereta.

Kayezedwe kake ndi kosavuta kukamvetsa ngati munasesapo m'nyumba ya malata obowoka dzuwa lili paliwombo. Kuwala kolowera pabowo kuja kumaonetsa fumbi likuvinavina. M'kabokosimo muli kafani kokoka mpweya, ndipo mpweyawo umadutsa pakuwala kwa laser. Kafumbi kalikonse kakadutsa kamamwaza kuwalako, kadiso kena n'kuwerenga kuthwanima kwake.

Mu 2021 bungwe la WHO linatsitsa malire ake a tifumbiti: ma microgram 15 (microgram ndi gawo limodzi mwa magawo miliyoni a galamu) pa cubic metre imodzi ya mpweya mukatengera tsiku lonse, ndi ma microgram 5 mukatengera chaka chonse. Malirewa ndi okhwima, ndipo mizinda yambiri padziko lapansi imawapitirira.

Nanga kuno mpweya umaipa kwambiri nthawi iti?

M'mamawa ndi madzulo a mu Juni ndi mu Julayi. Mzinda uno uli pamtunda wa mamita pafupifupi 1,500, ndipo usiku wa m'nyengo yozizira kumwamba kumakhala kopanda mitambo. Nthaka imazizira msanga, mpweya wozizira n'kukhazikika pansi, wofundirako n'kukhala pamwamba pake ngati chivindikiro cha poto. Utsi umasowa kokwera. Ndiye mukaphatikiza kuti magetsi azima nthawi yophika ndipo khomo lililonse lasonkha moto panja, lokeshoni yonse imakhala m'poto movindikira. Mukadzuka mbandakucha n'kuyang'ana kumalo otsika a m'mbali mwa mtsinje wa Mukuvisi, mumauona utsiwo utayala ngati bulangete. Dzuwa likakwera n'kutenthetsa nthaka, chivindikiro chija chimasweka.

Kuyambira mu Ogasiti mpaka mvula yoyamba, moto wolusa wa m'tchire ndi m'minda umawonjezera wake utsi, mphepo n'kumaubweretsa kuchokera kutali. Palinso masiku osaiwalika monga pomwe kumtaya kwa Pomona kunayaka mu 2016 ndi mu 2020, utsi n'kukuta madera akumpoto kwa mzinda kwa masiku angapo.

Chinthu chimodzi ndichinene poyera. Kabokosi ka padenga sikaona mpweya wakupha wa carbon monoxide womwe umatuluka mukalowetsa mbaula kapena jenereta m'nyumba n'kutseka mawindo. Mpweya umenewo ulibe fungo kapena mtundu. Ngakhale kuzizire bwanji, mbaula igone panja.

Kachipangizo kotchipa choncho kanganene zoona?

Kakangochoka kusitolo, ayi. Makina odalirika omwe maboma amagwiritsa ntchito amagulidwa ndi madola zikwi makumi angapo, ndipo amayeza fumbi lomwe launjikana pakapepala. Sensa yomwe timaika m'kabokosi, monga ya Plantower kapena ya Sensirion, mtengo wake ndi madola makumi owerengeka chabe, ndipo siyeza kulemera kwa fumbi. Imawerenga kuthwanima, kenako n'kuganizira kulemerako. Kuganizira kumeneko anakukonzera kufakitale ndi fumbi la kwawoko, osati utsi wa nkhuni za msasa.

Vuto lalikulu ndi chinyezi. Kukakhala chifunga, kapena kamvula kowaza kaja kuno amati guti, kwathu chiperoni, tifumbi timamwa madzi n'kufufuma. Sensa imationa tatikulu, n'kunena kuti mpweya waipa pomwe wangonyowa. N'chifukwa chake m'kabokosi kalikonse muli kasensa kena koyeza chinyezi ndi kutentha, kuti tizitha kuchotsera.

Tisanakatumize kulikonse, kabokosi kamayamba kakhala pashelefu imodzi padenga lathu ndi tinzake kwa milungu ingapo, tonse tikupuma mpweya umodzi. Kosiyana ndi tinzake timakabweza pabenchi. Mpata ukapezeka timatiikanso pambali pa makina akuluakulu aja n'kufananitsa manambala, m'nyengo yozizira ndi m'dzinja momwe, poti zomwe zakhoza mu Julayi zimalakwa mu Januwale. Imeneyi ndiyo ntchito yotopetsa kuposa zonse, ndipo ophunzira atsopano amaida. Koma kuona maso a nkhono n'kudekha.

Tikatero, nambala ya kabokosi imathandiza kudziwa kuti lero kwaipa kuposa dzulo, kapena kuti mbali ino ya lokeshoni ndi yoipa kuposa iyo. Si nambala yoti mupite nayo kukhoti kukasumira fakitale.

Bwanji osangogula zopangidwa kale kunja?

Tinayesa. Zambiri amazipanga poganiza kuti pakhoma pali magetsi osazima ndiponso Wi-Fi yosatha, ndipo zikasowa intaneti kwa ola limodzi manambala a ola limenelo amatayika. Kuno, ola lomwe magetsi azima ndi lomwe utsi wachuluka. Chipangizo chotero chimagona nthawi yeniyeni yomwe chikufunika.

Nafenso poyamba tinalakwitsa zambiri. Kabokosi kathu koyamba kanali ka pulasitiki yakuda, poti ndi komwe tinakapeza. Titakwera kukakaona mu Okutobala, kanali kosagwirika ndi manja, ndipo batire linali litafufuma. Kachiwiri tinakapaka utoto woyera n'kukaikira kadenga, koma bowo la mpweya tinalisiya lopanda sefa. Patapita milungu kanayamba kunena kuti mpweya ndi woyera mbee usana ndi usiku. Tinasangalala tsiku limodzi lokha. Nditakwera n'kumasula, ndinapeza mavu atamata bowo lonse ndi dothi, m'kati atasungamo timbozi tawo. Sensa inali kuyeza mpweya wa m'chipinda cha mavu. Tsopano bowo limayang'ana pansi, lili ndi sefa ya waya, ndipo nambala ikakhala yabwino mopitirira muyeso timayamba takayika kaye.

Zitsulo zomangirira timaziwotcherera konkuno, zina timakagula ku Siyaso ku Mbare. Lamulo lathu ndi lakuti chilichonse chomwe chingathyoke chikhale chopezeka mutauni muno.

Magetsi akazima, tibokosito timagwira ntchito bwanji?

Sitidalira magetsi a ZESA n'komwe. Kalikonse kali ndi kapanelo ka sola kofanana ndi buku la sukulu ndi mabatire a lithiamu. Chinsinsi chake ndi tulo. Kakompyuta ka m'katimo, ka mtundu wa ESP32, pamodzi ndi kafani, zitati zizigwira ntchito osapuma zingadye pafupifupi wati imodzi, ndipo batire limodzi laling'ono silingafike mawa. Ndiye timakagoneka. Kamadzuka, kafani n'kuzungulira masekondi 30 kuti mpweya wakale utuluke, n'kuyeza, n'kulemba, n'kugonanso. Kakagona kamadya mphamvu yochepa mwakuti batire silimva n'komwe. Posankha kapanelo ndi mabatire timawerengera masiku a mitambo a mu Januwale ndi Febuluwale, osati dzuwa la mu Sepitembala.

Pa mabatire pomwepa tinapusitsidwapo. Tinagula pasitolo ina mutauni mabatire a saizi yotchedwa 18650 olembedwa kuti 9,900 mAh (muyeso wa mphamvu yomwe batire limasunga), pamtengo wokoma. Batire lenileni la kukula kumeneko silipitirira kwenikweni 3,500 mAh, ndipo limalemera magalamu pafupifupi 45. Athuwo titawaika pasikelo anali opepuka ngati chitsononkho. Sikeloyo tsopano imapita nafe kogula.

N'chifukwa chiyani magetsi amazimazima chonchi?

Magetsi ambiri a dziko lino amachokera malo awiri: ku damu la Kariba pamtsinje wa Zambezi, ndi ku Hwange komwe amawotcha malasha. Damu la Kariba linatha kumangidwa mu 1959, ndipo makina a mbali ya Zimbabwe, atawonjezeredwa mu 2018, angathe kupanga mamegawati 1,050. Koma makina popanda madzi ndi chitsulo chabe. Madzi a m'damumo ambiri ndi a mvula yogwa kumpoto chakumadzulo kwa Zambia ndi ku Angola, ndipo amatenga miyezi kuti afike. Mvula ya ku Harare, ingagwe motani, siidzaza Kariba. Bungwe la Zambezi River Authority, la Zimbabwe ndi Zambia, ndi lomwe limagawa madzi oti dziko lililonse ligwiritse ntchito pachaka. Mu Novembala 2022 madzi opangira magetsi anatsika kufika pansi pa 5 peresenti, ndipo tonse tikukumbukira Khirisimasi ya chaka chimenecho. Mu 2019 magetsi ankazima mpaka maola 18 patsiku. Makina awiri atsopano a ku Hwange anawonjezera mamegawati 600 mu 2023, kenako chilala cha El Niño cha 2024 chinadzafinyanso Kariba.

Abale athu akumudzi akudziwa nkhani yomweyi. Ku Malawiko magetsi ambiri amadalira Shire, ndipo namondwe wa Ana atawononga Kapichira mu Januwale 2022, dziko lonse linalowa mumdima.

Ife zomwe timayeza ndi zapakhomo: magetsi azima nthawi yanji, abwera nthawi yanji, ndipo abwera ndi mphamvu yotani. Amayenera kukhala cha m'ma 230V. Nthawi yoopsa ndi pomwe angobwera kumene, pamene amatha kudumpha kapena kufooka chifukwa magiza ndi masitovu a lokeshoni yonse ayaka nthawi imodzi. Akazima, zulani firiji ndi TV, ndipo akabwera dikirani mphindi zingapo.

Ndikufuna kuika sola pakhomo. Mungandilangize?

Sitiika sola m'nyumba za anthu ndipo sititchula kampani, koma masamu ake ndi awa, bambo. Yuniti imodzi ya pamita yanu ndi mawati 1,000 kwa ola limodzi. Babu la LED la mawati 9 likayaka maola 5 ladya 45 mwa 1,000 amenewo. Ketulo ya mawati 2,000 imadya 200 m'mphindi 6 zokha. Apa mwaona kale kuti kuunikira, kutchaja mafoni ndi TV ndi zotchipa pa sola, koma chilichonse chotenthetsa chimadya ngati dzombe.

Batire lolembedwa 12V 100Ah limasunga yuniti imodzi ndi pang'ono, 1,200. Likakhala la mtovu, monga a jelo aja, musalimwe kupitirira theka, apo ayi silikhalitsa. Ndiye zanu zenizeni ndi 600 basi. La lithiamu la mtundu wa LiFePO4 limalola kumwa zochuluka ndipo limakhala zaka zambiri, n'chifukwa chake ndi lodula pogula koma lotchipa mukawerengera zaka. Anthu ambiri omwe amati sola inawagwiritsa fuwa lamoto, vuto silinali mapanelo. Anapha batire.

Mapanelo ayang'ane kumpoto, poti tili kumwera kwa equator, ndipo apendekeke madigiri pafupifupi 20. Mthunzi wa nthambi imodzi ya jakaranda pakona ungathe kufoola panelo lonse. M'chilimwe muziwatsuka ndi madzi m'mamawa asanatenthe.

Lithiamu akukumbidwa konkuno, nanga mabatire adulirenji?

Zoona, amakumbidwa ku Bikita m'chigawo cha Masvingo ndi ku Arcadia ku Goromonzi, kufupi ndi mzinda uno, ndipo mu Disembala 2022 boma linaletsa kutumiza kunja miyala yosakonzedwa. Koma kuchoka pamwala kufika pabatire pali ntchito zambiri za m'mafakitale, ndipo zambiri zimachitikira ku China. Batire limabwerera kuno litakwera sitima ndi lole.

Kabokosi ka pamjigo pathu kakanena kuti madzi ali bwino, ndiye kuti timwe osawiritsa?

Ayi, ndipo pamafunso onse ili ndi lomwe limandisowetsa tulo. Kabokosi ka pamjigo kamayeza kuvunduka kwa madzi, kuchuluka kwa mchere wosungunukamo, ndi kutsika kapena kukwera kwa madzi pansi panthaka. Sikaona kachilombo ka kolera, ka tayifodi kapena ka E. coli. Madzi angathe kukhala oyera ngati galasi ali ndi matenda. Kuti tidziwe za tizilombo, timatunga madzi m'botolo lopanda tizilombo, n'kukawasunga pamalo ofunda kulabotale kwa tsiku lathunthu kuti tione ngati china chamera. Muyeso wa madzi akumwa ndi wakuti mumamililita 100 musapezeke E. coli ngakhale mmodzi.

Ntchito ya kabokosiko ndi kutitsina khutu. Mchere ukakwera mwadzidzidzi, kapena madzi akavunduka mvula itangogwa, ndiye kuti china chochokera pamwamba chalowa, mwina paipi ya suweji yaphulika pafupi. Tikaona zotero timathamanga ndi mabotolo.

Tsiku lina pamjigo wina ku Glen View, mayi wachikulire anatula ndowa yake, n'kundifunsa m'Chichewa atamva ndikuyankha foni, ngati tsopano angasiye kuthira mankhwala poti makina abwera. Ndinachita manyazi, chifukwa nthawi imeneyo kabokosiko kanali ndi kagetsi kobiriwira kosonyeza kuti batire lili bwino, ndipo anthu ankakatenga ngati chilolezo chomwera. Titabwerera kuntchito tinachotsa kagetsi kobiriwira patibokosi tonse ta pamijigo.

A ku Glen View ndi ku Budiriro safunika kukumbutsidwa. Kolera ya 2008 mpaka 2009 inagwira anthu oposa 98,000 m'dziko muno n'kupha oposa 4,000, ndipo mu Sepitembala 2018 inabukanso m'malokeshoni awiri omwewa. Wiritsani madzi, kapena thirani klorini n'kudikira mphindi 30 musanamwe, ndipo sungani mundowa yovindikira.

Nanga ku Chivero mumakachitako chiyani?

Nyanja ya Chivero, yomwe inamangidwa mu 1952 pamtsinje wa Manyame, ili kumunsi kwa mzinda. Mitsinje ya Mukuvisi ndi Marimba imatenga zonse zotsukidwa mutauni n'kukazithira komweko, kenako madziwo amakokedwa, kuyeretsedwa ku Morton Jaffray, n'kubwerera m'mipope yathu. Zonyansa za m'suweji ndi feteleza ndi chakudya cha namasupuni, yemweyo wovuta pa Shire, komanso cha ndere zobiriwira. Masana nderezo zimatulutsa okosijeni, usiku zimamumwa, ndipo zikafa n'kuyamba kuwola zimamutha. Nsomba zimabanika cha m'bandakucha. Munthu wodzayeza masana ndi botolo angapeze zonse zili bwino, n'chifukwa chake sensa yogona m'madzi usiku wonse ili ndi phindu. Ndere zina zili ndi poizoni, ndipo mu Disembala 2024 nsomba zambiri pamodzi ndi zipembere zinayi zinafa kunyanjako.

Kuvuta kwake n'kwakuti ndere zomwezo zimamera pasensa. Chida chofunika kwambiri paulendo wa ku Chivero ndi mswachi wakale.

Manambala omwe mwapeza amapita kuti?

Kabokosi kamalemba zonse pakamemore khadi, kenako kamatumiza kudzera pa simu khadi netiweki ikapezeka. Uthenga wake ndi waung'ono, bandulo yochepa imakwana mwezi. Komwe tibokosi tayandikana timagwiritsa ntchito wailesi ya LoRa, yomwe imatumiza manambala ochepa pamtunda wa makilomita angapo osadya batire. Oyamba kuona zotsatira ndi eni malo, kaya ndi aphunzitsi aakulu kapena komiti ya mjigo. Tikamazionetsa kwa ena sitilemba nambala ya nyumba kapena dzina la munthu, timangotchula dera.

Akuba satenga?

Amatenga, makamaka kapanelo. Timawotcherera kakhola kachitsulo, koma chomwe chathandiza kwambiri ndi kufotokozera anyamata a pamalopo kuti kapaneloko ndi kofooka moti sikangayendetse TV.

Mwana wanga amakonda kumasula mawailesi. Angaphunzire kuti zimenezi?

Alimbikire masamu ndi fizikisi. Maphunziro a zamagetsi ndi zamakompyuta alipo ku University of Zimbabwe ku Mount Pleasant, ku Harare Institute of Technology ku Belvedere, ndi ku Harare Polytechnic. Koma asadikire zimenezo. Kabolodi ka Arduino, kasensa ka kutentha ndi foni ya intaneti n'zokwanira kuyambira, ndipo atsikana musawasiye kukhitchini anyamata akamalumikiza mawaya. Yemwe amakonza mapulogalamu a tibokosi tathu tonse ndi mtsikana.

Kabokosi kali pakhomo panga. Ndizikasamala bwanji?

Musakaphimbe ndi pulasitiki mvula ikamagwa, sikalowa madzi. Musasonkhe moto kapena kuwotcha zinyalala pansi pake penipeni, chifukwa katiuza za moto wanuwo m'malo mwa mpweya wa dera lonse. Kamodzi pamwezi pukutani kapanelo ndi kansalu konyowa. Mukaona mavu kapena akangaude akuzungulira pabowo lapansi, kapena nthambi yakula n'kuphimba dzuwa, musakwere nokha. Imbani nambala yomwe yalembedwa pambali pake, tidzabwera ndi makwerero.